Mitundu ya Mphesa za Vinyo: Phunziro Lochokera m'Chigafa

Mwezi wathawu ndidalandira uthenga wautali pa lamya kuchokera kwa mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa zaka zingapo zapitazo. Kwawo ndi cha ku Chamama, ndipo atalemba mayeso a Fomu 4 adatsata anzake ku South Africa, kumene tsopano akugwira ntchito yoperekera zakudya m'nyumba ina yodyeramo alendo pafupi ndi mzinda wa Stellenbosch. Dandaulo lake lidali lakuti pa chikalata cha zakumwa cha pamalopo pali maina a vinyo osawerengeka, ndipo tsiku lina mlendo ataitanitsa Chenin Blanc, amene ndi vinyo woyera, iye adabwera ndi botolo la vinyo wofiira. Alendo adaseka, ndipo mkulu wa pantchito adamuchenjeza kuti akadzabwerezanso ntchito idzamuthera. Pomaliza uthenga wake adandifunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, vinyo si vinyo basi?"

M'sabata yomweyo bambo wina wachikulire amene ndimapemphera naye adandiimitsa pabwalo la tchalitchi nandionetsa njere zokulungidwa m'kapepala. Adati adagula mphesa m'sitolo pa boma ndipo adazikonda, tsono popeza mitengo ya fodya yakhala ikumugwetsa mphwayi, akuganiza zofesa njerezo pa nazale kuti chaka chamawa ayese munda wamphesa.

Mafunso awiriwa akuoneka ngati otalikirana, koma yankho lake ndi limodzi, ndipo ndi yankho limene mwana aliyense wokulira m'chidikha cha Kasungu ali nalo kale ngakhale sadziwa kuti ali nalo. Mnyamata uja ndidamuuza kuti ayambe waimbira lamya abambo ake, awafunse ngati fodya ndi fodya basi.

Zimene tikudziwa kale

Mlimi wa kuno sangasokoneze bale ndi kampopi ngakhale mutamudzutsa pakati pa usiku. Zoonadi pafupifupi fodya yense wogulitsidwa ndi chomera chimodzi, chimene akatswiri a zomera amachitcha Nicotiana tabacum, koma mtundu uliwonse uli ndi khalidwe lake. Bale ali ndi tsamba lopepuka, amafuna dothi lachonde ndi feteleza wambiri, ndipo amauma pang'onopang'ono ndi mphepo m'chigafa kwa masabata 4 mpaka 8. M'nthawi yonseyo shuga wa m'tsamba amanka natha, kotero kuti pamatsala tsamba lofiirira lopanda kutsekemera. Kampopi amakonda dothi la mchenga, ndipo amaumitsidwa m'balani ndi kutentha kodzera m'mipopi kwa pafupifupi sabata imodzi. Kutenthako kumaumitsa tsamba lisanamalize shuga wake, ndiye chifukwa chake limatuluka lachikasu ngati ndimu kapena lalanje. Chikopa ndi tsamba lochindikala, lowambidwa ndi utsi, ndipo fungo lake silibisika.

Palibe munthu amene angafese mbewu ya chikopa n'kumayembekeza kukagulitsa kampopi ku okushoni ya ku Chinkhoma. Palibenso amene sadziwa kuti mbewu imodzimodzi ikabzalidwa pa dothi la mchenga ndi pa katondo imabala masamba osiyana, kapena kuti munthu wosasamala m'chigafa amaononga m'sabata imodzi ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi. Motero belo lililonse limanena zinthu zitatu: mtundu wa mbewu, malo amene idamera, ndi manja amene adaisamala. Botolo la vinyo nalonso limanena zinthu zitatu zomwezi, kusiyana kwake n'kwakuti limazinena m'Chifalansa.

Mpesa umodzi, mitundu zikwi

Pafupifupi vinyo yense wogulitsidwa pa dziko lapansi amachokera ku chomera chimodzi chotchedwa Vitis vinifera. Anthu adayamba kalekale kuchisamala, pakuti m'dziko la Georgia mudapezeka zidutswa za mitsuko zosonyeza kuti kumeneko ankapanga vinyo zaka pafupifupi 8,000 zapitazo. Kuchokera ku mpesa umodziwo kwatuluka mitundu yodziwika pafupifupi 10,000. Chiwerengerochi chisakuopseni. Lipoti la chaka cha 2017 la bungwe la OIV, limene limaona za mphesa ndi vinyo pa dziko lonse, lidasonyeza kuti mitundu 13 yokha ndiyo idadzaza gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a minda yonse yamphesa, ndipo mitundu 33 idadzaza theka. Wodziwa mitundu khumi wadziwa zambiri za zimene adzakumana nazo pantchito.

Pali kusiyana kumodzi kwakukulu pakati pa mpesa ndi fodya, ndipo apa ndi pamene bambo wa njere uja akadagwera m'mbuna. Fodya timafesa njere, koma mpesa sabzala njere. Njere ya mphesa imabala chomera chachilendo chosafanana ndi mayi wake, ndipo kawirikawiri zipatso zake zimakhala zachabechabe. Alimi amadula nthambi ya mpesa wodziwika n'kuibzala, monga momwe ife timachitira ndi chinangwa kapena kholowa wa mbatata. Ichi chitanthauza kuti mpesa wa Pinot Noir umene uli m'munda lero ndi nthambi ya nthambi ya mpesa umene alimi a ku Burgundy ankausamala zaka mazana ambiri zapitazo.

Nanga mitundu yatsopano imabadwa bwanji? Njira ndi ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mungu wa mtundu wina ukagwera pa duwa la mtundu wina, njere yake imabala mwana wa makolo awiri. M'chaka cha 1997 Carole Meredith ndi John Bowers a ku yunivesite ya California ku Davis adalengeza, atapima DNA, kuti Cabernet Sauvignon, mphesa yakuda yotchuka koposa, ndi mwana wa Cabernet Franc ndi Sauvignon Blanc, ndipo wachiwiriyu ndi mphesa yoyera. Njira yachiwiri ndi yakuti chomera chimangosintha chokha. Pinot Noir ndi wakuda, koma nthambi zake zina zidasintha n'kubala Pinot Gris wotuwa ndi Pinot Blanc woyera. Izi zisatidabwitse, pakuti bale wathu yemweyu adabadwa motero. M'chaka cha 1864, ku Ohio m'dziko la America, alimi awiri, George Webb ndi Joseph Fore, adaona mbande zina zoyezuka pa nazale pawo zimene zinkaoneka ngati zodwala. Mbewu ya mbande zimenezo ndiyo idabala fodya amene wadzaza zigafa za Kasungu lero.

Zimene zili m'kati mwa chipatso

Tisanatchule maina, tiyeni titswanye mphesa imodzi kuti tione zimene zimasiyanitsa mtundu ndi unzake. Mphesa za vinyo si zimene timagula m'sitolo kuti tidye. Zodya zija ndi zazikulu, za khungu lopyapyala ndi madzi ambiri. Za vinyo ndi zazing'ono, za njere, za khungu lolimbirako, ndipo shuga wake ndi wochuluka kuposa wa zodya.

Choyamba ndi shuga. Amayi ofulula masese amafuna chimera kuti ufa usanduke wotsekemera mowa usanayambe kuwira. Mphesa sizifuna chimera, chifukwa shuga ali kale m'madzi ake. Yisiti imadya shugayo n'kumusandutsa mowa ndi mpweya. Magalamu pafupifupi 17 a shuga mu lita imodzi amabala gawo limodzi la mowa pa magawo 100, choncho madzi a mphesa okhala ndi magalamu 220 a shuga pa lita amapereka vinyo wa magawo pafupifupi 13 pa 100. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi angathe kugwiritsa ntchito chitsanzo chimenechi m'kalasi.

Chachiwiri ndi kuwawasa. Mphesa yosapsa imawawasa kwambiri, ndipo pamene ikupsa shuga amakwera, kuwawasa kumatsika. Ku malo otentha zimenezi zimachitika mofulumira, ku malo ozizira mochedwa. Vinyo wopanda kuwawasa amakhala wozizira m'kamwa ngati ndiwo zopanda mchere, ndipo wowawasitsa samweka. Luso la mlimi lili pa kudziwa tsiku lothyola, monga momwe mlimi wa fodya amadziwira tsamba lokhwima poliyang'ana.

Chachitatu ndi khungu. Anthu ambiri amaganiza kuti mphesa zakuda zili ndi madzi ofiira. Ayi ndithu: madzi a mphesa zambiri zakuda ndi oyera. Kufiira kwa vinyo kumachokera ku makungu amene amasiyidwa m'madzimo pamene akuwira. Akachotsa makungu msanga amapeza vinyo wofiira pang'ono wotchedwa rosé, ndipo akawachotsa pomwepo amapeza vinyo woyera. Vinyo wa thovu wa ku Champagne nthawi zambiri amakhala ndi mphesa zakuda m'kati mwake ngakhale amaoneka woyera.

Chachinayi ndi tanini, amene amapezeka m'makungu, m'njere ndi m'timapesi ta tsango. Ngati mudalumapo nthochi yosapsa kapena kumwa tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa m'ketulo, mukudziwa mmene m'kamwa mumaumira. Ameneyo ndiye tanini. Mphesa ya khungu lochindikala imakhala naye wambiri, ndipo ndiye amathandiza vinyo wofiira kukhala zaka zambiri osaonongeka.

Mphesa zakuda

Cabernet Sauvignon ndiye mfumu ya mphesa zakuda. Lipoti la OIV lija lidati adabzalidwa pa mahekitala pafupifupi 340,000, kuposa mphesa ina iliyonse ya vinyo. Kwawo ndi ku Bordeaux m'dziko la France. Zipatso zake ndi zazing'ono, khungu lake ndi lochindikala, amachedwa kupsa, ndipo amafuna dzuwa lokwanira ndi dothi losasunga madzi. Vinyo wake ndi wakuda bii, wa tanini wambiri, wouma m'kamwa akadali watsopano koma wofewa akakhala zaka. Tikati timufanizire ndi fodya, ameneyu ndiye chikopa.

Merlot ndi mnansi wake wa ku Bordeaux komweko, ndipo naye ndi mwana wa Cabernet Franc. Amapsa msanga kuposa Cabernet Sauvignon, amalola dothi la makande losunga chinyezi, ndipo vinyo wake ndi wofewa. Alimi a ku Bordeaux amabzala mitundu yonse iwiri n'kusakaniza vinyo wake, wina apereke mphamvu, wina kufewa. Ndi nzeru yotetezanso mlimi, pakuti mvula ikaononga wochedwa kupsa, wofulumira amakhala atalowa kale m'nkhokwe. Opanga ndudu nawonso amasakaniza kampopi, bale ndi fodya wa masamba ang'onoang'ono wa ku Turkey ndi Greece, ndipo n'chifukwa chake bale wathu amafunidwa kunja.

Pinot Noir ndi wa ku Burgundy, ndipo ndi wovuta ngati mwana wolera ndi agogo. Khungu lake ndi lopyapyala, zipatso zake zimathinana pa tsango, choncho chinyezi chikalowa zimaola msanga. Kutentha sagwirizana nako. Vinyo wake ndi wofiira mopepuka, woti kuwala kumadutsa m'tambula, wa tanini wochepa ndi fungo lokoma. Ku South Africa amachita bwino m'malo ozizira okha monga chigwa cha Hemel-en-Aarde pafupi ndi Hermanus, kumene kumaomba mphepo ya kunyanja.

Shiraz ndi Syrah ndi mphesa imodzi ya maina awiri. Afalansa a m'chigwa cha Rhône amati Syrah, a ku Australia amati Shiraz, ndipo ku South Africa mupeza maina onse awiri. Amapirira kutentha, vinyo wake ndi wakuda, ndipo kawirikawiri amanunkhira ngati tsabola wakuda wa m'sitolo. Fungo limeneli si lothira ayi, limachokera m'khungu la mphesayo.

Pinotage ndiye mwana wa Africa. M'chaka cha 1925 Abraham Izak Perold, mphunzitsi wa za ulimi wa mphesa pa yunivesite ya Stellenbosch, adakwatitsa Pinot Noir ndi mphesa yolimba ya ku malo otentha yotchedwa Cinsaut, imene anthu a ku Cape ankaitcha Hermitage. Dzina lakuti Pinotage lidachokera ku maina awiriwo. Vinyo woyamba wa mtunduwu adapangidwa m'chaka cha 1941, ndipo dzinali lidayamba kuoneka pa botolo logulitsa m'chaka cha 1961. Taonani kutalika kwa nthawi: zaka 36 kuchokera pa njere kufika pa msika. Pinotage amapsa msanga, amapirira dzuwa, ndipo vinyo wake ndi wakuda ndi wamphamvu.

Mphesa zoyera

Chenin Blanc, amene adachititsa manyazi mnyamata wathu uja, kwawo ndi m'chigwa cha mtsinje wa Loire ku France, koma lero dziko limene lili naye wambiri ndi South Africa, kumene aposa mtundu wina uliwonse. Mipesa idafika ku Cape m'chaka cha 1655, ndipo Jan van Riebeeck adalemba kuti vinyo woyamba adafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659. Kwa zaka mazana atatu alimi a kumeneko ankalima mphesa ina yoyera imene ankaitcha Steen, osadziwa kuti ndi Chenin Blanc, mpaka m'zaka za m'ma 1960 pamene katswiri wina wa ku Stellenbosch, C. J. Orffer, adatsimikiza poyerekeza masamba. Ubwino wa Chenin ndi wakuti sataya kuwawasa kwake ngakhale kutenthe, ndipo amabereka kwambiri. Amapereka vinyo wosatsekemera, wotsekemera, wa thovu, ngakhalenso wotcheza burande.

Chardonnay ndi wa ku Burgundy ngati Pinot Noir. Mwa iye yekha alibe fungo lamphamvu, koma amatengera malo ndi manja a womupanga. Ku malo ozizira amakhala wowawasa ngati ndimu, ku malo otentha amanunkhira zipatso zakupsa, ndipo akasungidwa m'migolo ya mtengo wa oak amatenga fungo la mtengowo. Apa afanana ndi bale, amene opanga ndudu amamukonda chifukwa amamwa msanga zonunkhiritsa zimene amuthira.

Sauvignon Blanc sabisala. Amanunkhira ngati udzu wongomweta kumene, tsamba la phwetekere kapena gwafa, ndipo amawawasa mokoma. Amafuna malo ozizirirako, ndipo kawirikawiri amamwedwa akadali watsopano. Wophunzira aliyense ayambe ndi ameneyu, chifukwa ndiye wosavuta kumuzindikira ndi mphuno.

Muscat ndi banja lakale kwambiri la mphesa. Mmodzi wa banjali, Muscat of Alexandria, ku Cape amamutcha Hanepoot. Mitundu ina ikasanduka vinyo imanunkhira zinthu zina, koma Muscat amanunkhirabe mphesa. Amadyedwa, amaumitsidwa, ndipo amapanga vinyo wotsekemera.

Kuwerenga botolo

Chimene chimasokoneza ambiri ndi chakuti mabotolo ena amalemba dzina la mphesa, ena dzina la malo. Ku South Africa, Australia, Chile ndi America kawirikawiri amalemba mphesa, ndipo lamulo la ku South Africa limati botolo lotchula mtundu umodzi likhale ndi magawo osachepera 85 pa 100 a mtunduwo. Ku France mwambo ndi wolemba malo, poganiza kuti wogula akudziwa chimene chimalimidwa kumeneko. Vinyo wofiira wa ku Burgundy ndi Pinot Noir, Chablis ndi Chardonnay, Sancerre woyera ndi Sauvignon Blanc, ndipo Vouvray ndi Chenin Blanc. Ifenso timatero tikamati mpunga wa ku Karonga, tonse n'kumva kuti akunena Kilombero. Liwu lakuti blanc litanthauza choyera, ndipo noir litanthauza chakuda. Mnyamata uja akadadziwa mawu awiri okhawa sakadalakwa.

Kudziwa zimenezi ndi ntchito yodyetsa munthu. Anyamata anayi a ku Zimbabwe, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, adapita ku South Africa kukafuna ntchito monga amachitira ana athu. Sadakulire m'mabanja omwa vinyo, koma adaphunzira mitundu ya mphesa mpaka adakhala akatswiri olangiza alendo m'nyumba zodyera zotchuka za ku Cape. M'chaka cha 2017 adakaimira dziko lawo ku France pa mpikisano wa dziko lonse wozindikira vinyo polawa popanda kuona botolo.

Ndisamveke ngati ndikukopa ana a sukulu kuti ayambe kumwa. Akatswiri olawa vinyo amalawa n'kulavula, ndipo chida chawo chachikulu ndi mphuno. Vinyo ndi mowa, woposa masese mphamvu, ndipo minda ya ku Cape yomweyo ili ndi mbiri yomvetsa chisoni. Kwa zaka zambiri eni minda ankalipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo, ndipo ngakhale lamulo lidaletsa mchitidwewu m'zaka za m'ma 1960, m'malo ena udapitirira mpaka m'ma 1990, n'kusiya mabanja ambiri mu ukapolo wa uchidakwa. Wopita kukagwira ntchito kumeneko akasamale.

Kodi mpesa ungamere ku Kasungu?

Tibwerere tsopano kwa bambo wa njere uja, pakuti funso lake ndi la anthu ambiri. Kwa zaka zochuluka fodya wakhala akubweretsa theka kapena kuposerapo la ndalama zakunja za dziko lino, ndipo kuyambira m'chaka cha 1990, pamene alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima bale, midzi yambiri ya kuno yadalira tsamba limeneli. Koma m'chaka cha 2023 dziko la Malawi lidalowa m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta fodya, ndipo nkhani yofuna mbewu zina si yachilendonso pa misonkhano ya alimi.

Kumera, mpesa ungamere. Vuto lake ndi nyengo. Ku Cape mvula imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mipesa yagwetsa masamba ndipo ikupuma. Mphesa zimapsa m'chilimwe chouma, n'kuthyoledwa kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka Malichi kapena Epulo. Kuno kwathu zinthu ndi zotembenuka: miyezi imeneyo ndiyo ya dzinja lenileni. Mvula imene imakuza fodya ndiyo imaoletsa mphesa, chifukwa chinyezi chimabweretsa matenda a chuku pa masamba ndi pa matsango, zipatso zimamwa madzi n'kung'aluka, ndipo shuga sakwera. Alimi a cha ku Marondera ku Zimbabwe, dera lolimanso fodya ngati lathu, adakulitsa ulimi wa mphesa za vinyo pambuyo pa chaka cha 1965, pamene maiko adaleka kuchita malonda ndi Rhodesia, ndipo mdani wawo wamkulu adali mvula yomweyi yogwa nthawi yokolola. Pinot Noir wa khungu lopyapyala uja sangaone kutha kwa Febuluwale wa ku Kasungu.

Komabe pali chitsanzo cha pafupi chimene chili ndi phunziro. Ku Dodoma, pakati pa dziko la Tanzania, amishoni a Chikatolika adabweretsa mipesa m'zaka za m'ma 1930, ndipo lero derali ndilo likulu la vinyo m'dzikomo. Kumeneko kulibe chisanu chogoneka mipesa, choncho alimi amaidulira kawiri pa chaka n'kukolola kawiri, cha mu Malichi ndiponso cha mu Ogasiti ndi Sepitembala, ndipo mphesa zabwino ndi za nyengo youmayo. Amalima Chenin Blanc ndi mphesa yakuda imene amaitcha Makutupora. Tizindikire kuti Dodoma ndi kouma kuposa Kasungu. Woyesa kuno ayenera kudulira mipesa mvula itatha kuti mphesa zipse m'chilimwe mvula yoyamba isanagwe, ndipo zimenezi sizingatheke popanda madzi othirira okwanira kuyambira Meyi mpaka Okutobala.

Palinso nkhani ya mizu. M'chaka cha 1863 kachirombo kotchedwa phylloxera, kochokera ku America, kadayamba kupha mipesa ku France podya mizu, ndipo kadafika ku Cape m'chaka cha 1886. Mankhwala ake adali kumezanitsa: mizu ya mpesa wa ku America, umene umapirira kachiromboka, ndi nthambi ya Vitis vinifera pamwamba. Mpaka lero mipesa yambiri ya pa dziko lapansi ndi yomezanitsa motero. Kwa ife nkhaniyi ili ndi mbali ina. Tinyongolotsi ta m'nthaka totupitsa mizu ya fodya, timene timachititsa alimi kusinthasintha mbewu m'munda, timagwiranso mizu ya mpesa, makamaka pa dothi la mchenga. Munda umene wakhala ukulimidwa fodya ungafune mizu yopirira tizilomboti, monga ya mtundu wotchedwa Ramsey. Motero wogula mbande afunse maina awiri: la nthambi ndi la muzu.

Chomaliza ndi nthawi ndi msika. Wolakwitsa mbewu ya fodya walira chaka chimodzi. Mpesa umayamba kubereka mokwanira m'chaka chachitatu kapena chachinayi, umafuna mitengo ndi mawaya oyangapo, ndipo umakhala m'munda zaka 25 kapena kuposa. Wolakwitsa mtundu amadziwa kulakwa kwake ndalama zitapita kale. Fodya wouma amadikira galimoto, koma mphesa za vinyo zikathyoledwa zimafuna kufinyidwa tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndipo popanda wozigula pafupi ndi zotaya. Si mwangozi kuti kampani ya Linga ya ku Lilongwe idasankha kupanga vinyo wake ndi zipatso zopezeka kuno, monga magwafa ndi jambula.

Bambo uja ndidamulangiza kuti njere zake azisiye, afunse alangizi a zaulimi kumene angapeze nthambi za mtundu wodziwika dzina, abzale mipesa isanu kapena khumi pafupi ndi chitsime, ndipo alembe m'kope tsiku lodulira, tsiku la maluwa ndi tsiku lakupsa kwa zaka zitatu. Munda wake wa fodya, mtedza ndi soya asaugwetse chifukwa cha chinthu chimene sadachione chikubala. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Sukulu zimene zili ndi dimba ndi madzi zingachite chimodzimodzi, ndipo kope lotero la zaka zitatu lingathandize mudzi wonse kuposa malonjezo a wogulitsa mbande.

Mnyamata wa ku Stellenbosch ndidamupatsa ntchito ya kunyumba ngati kale. Ndidamuuza kuti agule kope, ajambule mizere itatu, ndipo pa botolo lililonse limene atsekula alembe mtundu wa mphesa, malo amene zidalimidwa, ndi fungo limene mphuno yake yamva, m'mawu a kwawo: gwafa, bwemba, masuku, utsi wa m'balani. Sabata yatha adandiuza kuti wafika pa maina 14, ndipo abambo ake atamva funso lija adaseka kwambiri namuuza kuti munthu wosasiyanitsa bale ndi chikopa sayenera kupatsidwa jeke.

M'chigawo chotsatira tidzaona za kadulidwe ka mpesa ndi kamezanitsidwe kake, ndi mmene luso lomwelo limagwirira ntchito pa mango ndi malalanje a pakhomo.